Foni ikayamba kuotcha ngati mbaula

Lachiwiri lina m'mwezi wa October, cha m'ma 7 koloko madzulo, mng'ono wanga adandiimbira foni ali kuchipatala komwe amayi athu adagonekedwa. Adangoyamba kuti, "Achimwene, adokotala akuti mankhwala enawa tikagule tokha, ndiye mutumize..." basi zii. Nditayang'ana, foni idali itazima, kumbuyo kwake kukuotcha ngati mbatata yongophula kumene pamoto. Chodabwitsa n'choti mphindi zochepa m'mbuyomo inkaonetsa kuti moto uli pa 34 peresenti.

Kunyumba za aphunzitsi kwathu kuno kulibe magetsi, ndipo kasola kathu tsiku limenelo ana adali atakakama ndi wailesi. Ndidapalasa njinga mumdima makilomita anayi kupita pamsika, kukachonderera mnyamata wometa tsitsi kuti andilumikizireko pa batire yake ya galimoto. Pomwe foni imayaka kuti nditumize ndalama n'kuti sitolo ya mankhwala ya kufupi ndi chipatalacho atatseka kale. Amayi adamwa mankhwalawo mawa lake. Adachira, tithokoze Mulungu, koma usiku umenewo sindidaone tulo.

Wina akhoza kufunsa kuti nanga nkhani ya foni n'kuitayira danga lonseli? Kwa ife akumudzi foni si chidole. Ndi banki yathu, ndi positi ofesi, ndi tochi, ndi wailesi. Kalata zochokera ku ofesi ya maphunziro zimafikira pa WhatsApp. Mabuku omwe sukulu yathu ilibe ndimawawerengera momwemo. A hedi akafuna kutumiza mayina a ana olemba mayeso, intaneti ya laputopu yawo imachokera pa foni yanga yomweyi. Ikadwala, zambiri zimaima.

Anzanga m'chipinda cha aphunzitsi adangoti, "Aphunzitsi, yakalamba iyo, gulani ina." Kulankhula n'kosavuta. Foniyi ndidagula mu 2021, ndipo kuchokera pomwe kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndikapita kutauni mafoni ndimangowaonera pagalasi ngati mwana woona mandasi a eni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndidaganiza zoyamba ndadziwa chomwe chikuvuta pa yomwe ndili nayoyi.

Ine ndimaphunzitsa Physics ndi Chemistry, ndipo chaka ndi chaka ndimauza ana a Fomu 3 kuti pofufuza chinthu uzisintha mbali imodzi yokha, zina zonse uzisiye momwe zilili, apo ayi sudzadziwa chomwe chagwira ntchito. Ndidachita manyazi kuona kuti kwa miyezi ingapo ndakhala ndikungodandaula za foni yanga osachita zomwe ndimalalikira m'kalasi. Ndidatenga kope lakale, ndidajambula mizere, ndipo kwa sabata ziwiri ndinkalemba nthawi, peresenti ya moto, chomwe ndimachita ndi foni komanso ngati ikutentha kapena ayi.

Poyambira padali pa Settings, kenako Battery. Pafupifupi foni iliyonse ya masiku ano imaonetsa pamenepo mndandanda wa zinthu zomwe zadya moto wambiri. Anthu ambiri sitidatsegulepo tsamba limeneli. Pamwamba pa mndandanda wanga padali sikirini, zomwe sizidandidabwitse. Koma chachiwiri chidali pulogalamu ina yomwe sindinkaidziwa n'komwe, yodzitcha yoyeretsa ndi kuziziritsa foni. Nditafunsa m'nyumba, mphwanga yemwe timakhala naye adavomera kuti adaiika ndi iyeyo pofuna kundithandiza. Palibe pulogalamu yomwe ingaziziritse foni ngati mmene fani imachitira, chifukwa mulibe fani mmenemo. Zambiri mwa zoterezi zimangoyenda mobisa usana ndi usiku, kukoka malonda pa intaneti, kudya bandulo ndi moto womwe zikunamizira kusunga. Mlonda adali wakuba yemwe. Ndidaichotsa, pamodzi ndi magemu awiri komanso ina ya nyimbo yomwe ndidaitsegula kamodzi kokha chaka chatha.

Ngati mukukayika kuti pali pulogalamu yomwe ikuvutitsa koma simukuidziwa, mafoni ambiri a Android ali ndi njira yotchedwa Safe mode. Mumadina batani lozimitsira, mawu oti Power off akaoneka mumawapanikiza kwa kanthawi, ndipo foni imayakanso ndi mapulogalamu okhawo omwe idabwera nawo kuchokera kufakitale. Ikasiya kutentha ili mu Safe mode, dziwani kuti mfiti ili pakati pa zomwe mudaikamo nokha. Mukaizimitsa n'kuiyatsanso imabwerera mwakale, ndipo mumayamba kuchotsa chimodzichimodzi kufikira mutachipeza.

Za sikirini n'zachidule. Ine kuwala ndinkakusiya kumapeto chifukwa panja dzuwa likaswa mtengo suona kanthu, ndiye madzulo ndinkaiwala kutsitsa. Tsitsani kuwala, ndipo ikani kuti sikirini izizima yokha pakatha masekondi 30. Kuika mtundu wakuda, uja amati Dark mode, kumasungadi moto koma pa mafoni a sikirini ya OLED kapena AMOLED okha, chifukwa pa amenewo malo akuda amakhala ozimiratu. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi sikirini ya LCD yomwe nyale yake ya kumbuyo imayakabe, kaya mwaika chakuda kaya choyera.

Zimenezi zidathandiza, koma pang'ono. Chomwe chidanditsegula maso ndi cha usiku. Ndidagona foni ili pa 80 peresenti, osaikhudza, m'mawa ndidaipeza pa 58. Usiku wotsatira ndidaisiyanso pa 80 koma nditaika Airplane mode, yomwe imatseka netiweki yonse. M'mawa idali pa 75. Apa ndipo ndidazindikira mdani yemwe anzathu a m'tauni samudziwa bwino: netiweki yofooka.

Foni ndi kawailesi kolandira komanso kotumiza. Nthawi zonse imakhala ikulankhulana ndi nsanja ya netiweki kuti wina akakuimbirani akupezeni. Nsanja ikakhala pafupi foni imanong'ona. Ikakhala kutali, kapena kuseri kwa phiri ngati kwathu kuno, foni imakuwa, ndipo ikaitaya imayamba kufunafuna ina osapuma. Yesani kuitana munthu ali kutsidya kwa dambo kwa ola lathunthu muone ngati simutuluka thukuta. N'chimodzimodzi foni: imatha moto ndipo imatentha, ngakhale ili phee m'thumba. Ambirife tilinso ndi masimukhadi awiri, ndiye kuti akufuula ndi anthu awiri. M'nyumba mwanga simukhadi imodzi imagwira timizere tiwiri, inayo imangobwera n'kuchoka.

Tsopano ndikakhala kunyumba yofookayo ndimaitseka pa Settings, ndimaitsegula ndikapita pamsika. Ndikalowa m'kalasi ndimaika Airplane mode, pajatu sindiyenera kuyankha foni ndikuphunzitsa. Ndidaonanso kuti kuno 4G imangofika mwa apo ndi apo, ndiye foni imakhalira kudumphadumpha pakati pa 4G ndi 3G. Pamalo osankhira mtundu wa netiweki ndidaiuza kuti ikhazikike pa yomwe imagwira bwino kuno, ndipo ndimasintha ndikakwera basi ya kutauni. Data, Bluetooth ndi Location ndimayatsa ndikafuna kugwiritsa ntchito basi. Usiku simukhadi yomwe abale amandipezerapo sinditseka, zomwe zidachitika mu October zija zidandiphunzitsa.

Netiweki yofookayi idabala vuto lina lomwe ndinkalichita ndekha ndi manja anga. Pasukulu pathu malo omwe netiweki imagwira bwino ndi pawindo la chipinda cha aphunzitsi, loyang'ana kuzambwe. Pofika masana pawindo pamenepo pamakhala mafoni asanu ndi limodzi atandandalikidwa ngati usipa pathandala, dzuwa likuwaomba. Kumidzi ina amapachika foni mumtengo kapena kuiika padenga la malata kuti uthenga ulowe. Uthenga umalowadi, koma batire imaphikika.

Mabatire a m'mafoni athu ndi a mtundu wa lithium-ion. Adayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony mu 1991, ndipo akatswiri atatu omwe adawatulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, adalandira mphoto ya Nobel ya Chemistry mu 2019. M'kati mwake muli timagawo topyapyala kwambiri ndi madzi a mankhwala, ndipo tinthu ta lithium timayenda kuchoka mbali ina kupita ina mukamatchaja, n'kubwerera mukamagwiritsa ntchito. Mwana aliyense wa Fomu 3 akuuzani kuti kutentha kumafulumizitsa kusintha kwa mankhwala. Tsoka lake kumafulumizitsanso kusintha kosafunika komwe kumadya batire m'kati, ndipo zomwe zadyekazo sizibwerera. Kampani ya Apple imalangiza kuti mafoni ake azigwiritsidwa ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, ndipo imachenjeza kuti kutentha koposa apo kukhoza kuononga batire mpaka kalekale. Tsono ganizani za October wathu, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire komwe nthawi zina kumadutsa madigiri 40 uli pamthunzi. Nanga foni yakuda ili padzuwa?

Kutentha kwina timakuunjika tokha. Kutchaja kumatenthetsa foni. Kuonera vidiyo kumatenthetsa. Kugawira ena intaneti, ija timati hotspot, kumatenthetsa kwambiri chifukwa foni imalandira kunsanja n'kutumizanso ku laputopu nthawi imodzi. Ine ndinkachita zonsezi pamodzi: foni ili pawindo, ili pa tchaja ya sola ya sukulu, ili m'chikopa chake chokhuthala cha labala, a hedi akukokapo intaneti. Lero tikafuna kutumiza za sukulu timachita m'mamawa kukadali kozizira, chikopa ndimavula, ndipo sinditchaja nthawi yomweyo. Pawindo paja tidaikapo katoni yotchinga dzuwa. Chizolowezi chotchaja foni ili pansi pa pilo, kuopa ana kapena akuba, chisiyeni. Pamenepo kutentha kulibe kothawira. Iikeni pathebulo kapena pasimenti.

Ndidayang'ananso tchaja. Yeniyeni idatayika kalekale, ndipo yomwe ndinali nayo idali ya pamsika, yopepuka ngati mulibe kanthu. Ndikaibaya, sikirini inkayamba kudzidina yokha ngati muli mizimu. Chimenecho ndi chizindikiro choti tchaja ikupereka magetsi osakhazikika. Nditabwereka tchaja yabwino kwa mnzanga, mizimu ija idathawa ndipo foni siinkatentha monga kale. Kumalo otchajitsa mafoni, komwe matchaja khumi amalumikizidwa pa batire imodzi ya galimoto, ndi bwino kupita ndi tchaja yanu ndi chingwe chanu. Onaninso kabowo kobayira tchaja. Fumbi ndi ulusi wa m'thumba zimaunjikana mmenemo mpaka chingwe sichilowa bwino. Zimitsani foni, tengani kamtengo kotokosera m'mano muchotse mofatsa. Singano kapena waya ayi.

Nditachita zonsezi foni idayamba kufika madzulo, koma funso langa loyamba lidali lisadayankhidwe: idazimiranji pa 34 peresenti? Apa mpomwe pali ukalamba weniweni. Batire imawerengedwa moyo wake m'maulendo. Mukagwiritsa ntchito moto wokwana 100 peresenti, kaya tsiku limodzi kaya theka lero theka mawa, ndiye ulendo umodzi. Apple imanena kuti mabatire a iPhone 14 ndi am'mbuyo mwake adapangidwa kuti akayenda maulendo 500 azikhala akusungabe 80 peresenti ya mphamvu yomwe adali nayo ali atsopano. Mafoni amasiyana, koma chithunzi chake ndi chimenecho. Yanga yatchajidwa pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka zinayi. Masiku 365 kuchulukitsa kanayi ndi 1,460. Pabokosi adalemba 5,000 mAh, koma 80 peresenti ya 5,000 ndi 4,000, ndipo yangayi iyenera kuti idadutsa pamenepo kalekale.

Ganizani za mtsuko womwe pansi pake paunjikana matope. Mukathira madzi umadzadza msanga ndipo kukamwa kwake umaoneka wodzadza, koma mukatunga makapu ochepa mwagunda matope. N'chifukwa chake foni yokalamba imafika pa 100 mofulumira n'kutsikanso mofulumira. Palinso china. Batire ikamakalamba njira ya magetsi m'kati mwake imaphimbika, ngati paipi ya mjigo yomwe yachita dzimbiri. Ikadzadza imakhala ndi mavolti oposa 4 pang'ono, ndipo akatsika kufika pa 3 ndi pang'ono foni imadzizimitsa podziteteza. Mukaipempha mphamvu yambiri nthawi imodzi, monga kuimba foni pamalo a netiweki yofooka, mavolti a batire yokalamba amagwa mwadzidzidzi kudutsa malire aja, ngakhale moto ukadalimo. Mphamvu yotayikira m'njira yophimbikayo imasanduka kutentha. Ndi zomwe zidandichitikira: foni inkakuwira nsanja ya kuseri kwa phiri, batire idalephera kupirira, idatentha n'kugwa.

Loweruka lotsatira ndidapita kuboma kwa mnyamata wina wokonza mafoni pakhonde la sitolo. Adavula chikopa chija, adaika foni pathebulo n'kuidina pakona. Idagwedera ngati mpando wa mwendo umodzi waufupi.

"Aphunzitsi, iyi yatupa," adatero. "Mwaona apa chivindikiro chayamba kunyamuka? Mukadapitiriza ikadakankha sikirini n'kuiswa, mwinanso kuposa apo."

Ine sindidaone chifukwa chikopa chinkabisa. Batire imatupa chifukwa mankhwala a m'kati akamaonongeka amatulutsa mpweya womwe umasowa kotulukira. Yotupa musaiboole, musaipanikize kuti iphwe, ndipo musaitchajenso. Ikhoza kuyaka, ndipo moto wake ndi woopsa. Ena mukukumbukira kuti mu 2016 kampani ya Samsung idaitanitsa n'kusiya kupanga foni ya Galaxy Note 7 chifukwa mabatire ake ankayaka. Ngati zidachitika pa foni yatsopano ya kampani yaikulu, sitingachite chibwana ndi yotupa ya zaka zinayi.

Adandiikira batire ina pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi foni yatsopano. Kwa amene mukapite kokonzetsa, nawa malangizo omwe ndikadakonda wina akadandiuza. Sungani kwina manambala ndi zithunzi zanu musadapite. Chotsani simukhadi ndi memori khadi, pajatu pa simukhadipo pali ndalama zanu. Khalani pomwepo pamene akutsegula, ndipo muione batire yatsopanoyo isadalowe, chifukwa pali ena amaika yochotsa m'foni ina yakufa. Nambala ya batire ifanane ndi ya yakale. Mugwirizanenso kuti ikavuta m'masiku ochepa mubwerera. Yakaleyo musaitaye kudzala komwe timatentha zinyalala, kapena kupatsa ana kuti aziseweretsa. Yanga ndidaikwirira mumchenga m'chitini, ili kutali ndi nyumba, kudikira tsiku lomwe ndidzapeze koyenera kukaisiya.

Pali nzeru zina zomwe timapatsana zomwe zikupha mafoni. Tili ana tinkaona agogo akuyanika mabatire a wailesi padzuwa kuti amvereko nkhani za madzulo, ndipo ankatsitsimukadi pang'ono. Amenewo adali a mtundu wina. Batire ya foni mukaiyanika mukuifupikitsira moyo. Ena foni ikatentha amaiika mufiriji. Chinyezi chimasanduka timadontho m'kati ndipo mumaonjeza matenda ena. Ingoizimitsani, ivuleni chikopa, iikeni pamthunzi. Ena amati foni uziyamba waithetseratu moto usadatchaje, ndipo yatsopano uitchaje usiku wonse. Malangizo amenewo ndi a mabatire akale a nickel. A lithium sakonda kufika pa 0, ndipo sakondanso kukhala pa 100 nthawi yaitali, makamaka kukutentha. Pakati pa 20 ndi 80 ndi pomwe amapuma bwino, n'chifukwa chake mafoni ena atsopano ali ndi poimitsira kutchaja pa 80 kapena 85.

Ndikudziwa kuti langizo lomalizali ndi lovuta kwa ife. Munthu wolipira kuti atchajitse pamsika, kapena wosadziwa kuti magetsi abweranso liti, sangachotse foni pa 80. Inenso ndikapeza mpata ndimadzadza. Koma zomwe zili m'manja mwathu tichite: tisaisiye ifike pozima yokha kawirikawiri, ikadzadza tiichotse, ndipo koposa zonse tiiteteze ku dzuwa.

Sindinama kuti foni yanga yasanduka yatsopano. Ikadali yochedwa, ndipo kamera yake ili ndi ng'ala. Koma ndikaitchaja masana imafika masana a tsiku lotsatira, ndipo siotchanso ntchafu ndikaiika m'thumba. Ndikadamvera anzanga aja bwenzi pano ndili pangongole ya katapila chifukwa cha foni yatsopano, yomwenso ndikadakaiyanika pawindo lomwe lija. Ndidagulanso kafoni ka mabatani kogwiritsidwa kale ntchito, kaja kamakhala masiku angapo osatchaja. Kamakhala m'kabati kali ndi moto, kudikira tsiku la tsoka, poti chakudza sichiimba ng'oma.

Kope lija ndidapita nalo m'kalasi. Ana a Fomu 3 adajambula magirafu a usiku uwiri uja, wa netiweki ndi wa Airplane mode, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe adafunsa kuti, "Sala, zimenezi zidzatithandiza chiyani?" Mtsikana wina adabwera mawa lake kudzandiuza kuti foni ya bambo ake nayo ikugwedera pathebulo, ndipo awaletsa kuitchaja kuchipinda komwe kumagona ana.

Lamulungu lapitali amayi adaimba. Tidacheza mphindi 40, za mtengo wa fetereza, za mbuzi yomwe idadya chinangwa cha eni, ndi za mdzukulu wawo yemwe akuti sakuwaimbira. Adadula okha mayunitsi atawathera. Foni idatsika kuchoka pa 61 kufika pa 54.

Inu yanuyo mwaivula liti chikopa n'kuiika pathebulo? Yesani lero.